Peugeot ya malemu bambo yakhala pa njerwa zaka 9: kodi ndiidzutse?

Funso: Ndili ndi zaka 36, ndimagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ndili ndi ka Vitz kamene sikandivutitsa. Kumudzi kwathu ku Ntcheu kuli Peugeot 504 ya pikapu imene malemu bambo anga ankayendera matola ndi kunyamulira mbatata. Yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka 9. M'khitchini yakale mulinso njinga yawo yamoto, Honda CG125. Amalume akuti tigulitse zonse kwa ogula zitsulo, akazi anga akuti ndalama zokonzera n'zongotaya. Koma ine ndikaiona mtima umandiwawa, usiku ndimangoganiza zoiyendetsa. N'chiyani chimachititsa munthu kukonda galimoto yakale pomwe yabwino ali nayo kale? Kodi ndiidzutse?

Yankho: Achimwene, mutu wanu uli bwinobwino, ndipo anthu onga inu alipo ambiri. Ndakhala ndikukwawa pansi pa magalimoto zaka zoposa 30, ndiye ndimawazindikira akangolowa pa geti la galaja. Asananene chimene chavuta, amayamba ayika kaye dzanja pa boneti, monga amachitira mwini khola akafika pa ng'ombe imene anailera yekha.

Anthu akuuzani kuti mukungolira bambo anu. Zimenezo zilimo ndithu. Fungo la mipando yotenthedwa ndi dzuwa losakanikirana ndi petulo limabweza munthu ku ubwana msanga kuposa chithunzi cha pakhoma. Koma chifukwa chikanakhala chokhacho, bwenzi okonda magalimoto akale ali ana amasiye okhaokha. Ku England, mwezi wa November chaka chilichonse anthu amatulutsa magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 n'kuwayendetsa kuchoka ku London kukafika ku Brighton, mtunda wa makilomita oposa 80, m'chisanu, ambiri mwa magalimotowo alibe ndi denga lomwe. Palibe mwa oyendetsawo amene analipo pamene magalimotowo ankatuluka m'fakitale. Bungwe la FIVA, limene limasonkhanitsa magulu a okonda magalimoto akale a m'maiko ambiri, limati galimoto imawerengedwa kuti ndi ya mbiri ikakwanitsa zaka 30, ikusungidwa monga inaliri, ndipo siikugwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Mawu omalizawo muwasunge, tibwererako.

Chimene ndaona ine n'chakuti galimoto yakale imalola mwini wake kuimvetsa. Mukapita kumudzi mukatsegule boneti ya 504 ija. Mudzaona dothi la pansi kudzera m'mbali mwa injini, malo alipo oti mkono wonse ulowe. Ikani chala pa paipi yochokera ku thanki, muitsatire mpaka pa pampu ya petulo, kuchoka apo mpaka pa kabureta. Kenako yambirani pa batire, mupite ku koyilo, ku disitibyuta, mpaka pa mawaya anayi opita ku mapulagi. Mwatha. Mwaona njira yonse ya mafuta ndi njira yonse ya moto, ndipo galimoto imeneyo ikadzazima panjira vuto lidzakhala pa imodzi mwa njira ziwirizo kawirikawiri. Tsopano tsegulani ya Vitz. Zonse n'zothithikana, mawaya ali m'mitolo yolowa mu kompyuta, masensa ali ponseponse. Ikadwala imangoyatsa kanyali kachikasu, inu n'kumakafuna munthu wa makina oyezera kuti akumasulireni.

Sindikunyoza yatsopano ayi. Vitz yanu imalira kamodzi n'kamodzi ngakhale m'chisanu cha June ku Dedza, imamwa pang'ono, ndipo pangozi ingakupulumutseni pamene Peugeot singathe. Kungoti siikufunani inu. Aliyense wa laisensi angaiyendetse n'kumva chimodzimodzi. Yakale imazolowera dzanja. Mwini wake amadziwa kuti m'mawa tchoko amakoka mpaka pati, amaponda kangati asanalize, giya yachiwiri imafuna kuipatsa kampata isanalowe. Mnzake akabwereka imamuvuta, mwini akabwera imalira. Ana a pakhomo panu ankadziwa kuti bambo akubwera galimoto isanaoneke, chifukwa kaliridwe kake kanali kakekake. Ndikhulupirira inunso mukukamva m'makutu pamene mukuwerenga pano.

Chaka china ndinkachokera ku Monkey Bay pa Nissan 1400 yanga, imene ndikadali nayo mpaka lero. Nditadutsa Golomoti n'kuyamba kukwera Khwekhwerere, injini inayamba kudukiza, kenako inazimiratu pa kona ina, dzuwa likupendeka. Ndinaika mwala kumbuyo kwa tayala, ndinavundukula disitibyuta, n'kupeza mapointi, timilomo tachitsulo timene timatseguka ndi kutsekeka kuti moto upite ku mapulagi, atapsa ndiponso atatsekeka. Ndinawapala ndi kachidutswa ka sanipepa, mpata wake ndinayeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi, poti umafunika kukhala pafupifupi theka la milimita. Pasanathe mphindi 20 ndinali ndikukweranso phiri. Mnyamata wina woweta mbuzi anaonerera zonse ali chilili, ndipo itangolira anaomba m'manja. Chimene ndinamva mumtima madzulo amenewo, kuti chitsulo chinafa ndipo manja anga achidzutsa, ndi chimene mukuchifunafuna inu usiku mukamalephera kugona. Nissan yangayo anaipanga ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo mtundu wake, umene unayamba mu 1971 uli Datsun 1200, anaupanga mpaka 2008 osausintha kwenikweni. Anthu ankaugulabe chifukwa chomwechi.

Bambo anu sanasankhe molakwa. Peugeot 504 inatuluka mu 1968 ku Sochaux m'dziko la France, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Mkulu wake, 404, anali atatchuka kale kuno ku Africa popambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi la misewu yofanana ndi yathu. Nayonso 504 inapambana mpikisano womwewo mu 1975. Ku France anasiya kupanga ya saluni mu 1983, koma ku Kenya ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000 zitalowa. Chinsinsi chake chili pansi. Masipuling'i ake amatsika ndi kukwera mtunda wautali, moti pa msewu wa mabampu a chiwaya, pamene galimoto zazing'ono za masiku ano zimagwedeza mano, iyo imangoyandama. Mimba yake ili pamwamba. Injini yake siithamanga mopupuluma, ndipo mkati mwake muli tcheni m'malo mwa lamba amene amaduka mwadzidzidzi. Ndiye chifukwa chake a matola ankaisenzetsa matumba, nkhuku m'madengu, anthu pamwamba pa matumbawo, iyo n'kumapitabe.

Tsopano za akazi anu. Akunena zoona, ndipo musawaone ngati mdani wa galimotoyi. Ndalama zimene mudzalowetse simudzazibwezanso pogulitsa. Kuno ogula magalimoto akale pamtengo wolemekeza ntchito imene yalowapo ndi ochepa kwambiri. Petulo idzamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi Vitz, m'dziko limene mizere ya pa filing'i timaidziwa tonse. Ilibe zibaluni zophulika pangozi, ilibe mabuleki a ABS oletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda mwadzidzidzi, nyali zake n'zofooka tikayerekeza ndi zamakono. Choncho Vitz musagulitse. Ana apitebe kusukulu pa Vitz, odwala usiku apite kuchipatala pa Vitz, ulendo wa usiku pa M1 mvula ikugwa ukhale wa Vitz. Peugeot ikhale ya Loweruka masana. Mabanja amene ndaona akukangana chifukwa cha galimoto yakale ndi aja bambo anaisandutsa galimoto yokhayo ya pakhomo, kapena ankabisa mitengo ya masipeya. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba, mugwirizane ndalama ya pamwezi imene siikhudza fizi ndi thumba la ufa, ndipo mwezi umene yatha, ntchito iime. Galimoto yadikira zaka 9, mwezi umodzi siuipha.

Musanagwire sipanala, yambani ndi abale ndi mapepala. Galimotoyi ndi chuma cha masiye. Lamulo la 2011 loona za chuma chotere limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndiye mawu oyamba ndi a mayi anu ngati alipo, ndi abale anu a bere limodzi. Amalume muwamvere mwaulemu, muwafotokozere, koma chigamulo si chawo okha. Ngati abale anu amayembekezera kagawo pa ndalama ya zitsulo, apatseni kagawo kawoko tsopano, pamaso pa mboni, galimoto ikadali chiphapha. Ikadzawala nkhani idzakhala ina. Funani bulubuku, muyerekeze manambala a chasisi ndi a injini ndi amene alembedwamo, ndipo mufunse ku ofesi ya DC ndi ku Road Traffic za kasinthidwe ka dzina. Ndaonapo munthu atamaliza kukonza galimoto yokongola imene sakanatha kuitengera COF chifukwa mapepala sanagwirizane ndi chitsulo.

Kenako chasisi. Tengani nyundo yaing'ono, sikuludiraiva ndi tochi, mugone pansi. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangiriridwa masipuling'i akumbuyo, pansi pa batire, pansi pa mapazi a dalaivala ndi m'munsi mwa zitseko. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyedwa chimangoti phu n'kugwetsa makoko a dzimbiri. Pikapu imene inkanyamula mbatata ndi feteleza imaola kwambiri kumbuyo, poti feteleza amadya chitsulo koposa mvula. Mabowo a pansi pa mapazi owotcherera amatseka. Koma sikuludiraiva ikaloweratu m'chasisi pamalo angapo onyamula katundu, imani pomwepo, chifukwa imeneyo ngakhale muipake utoto wotani idzakhala ya chikomekome cha nkuyu.

Chasisi chikakhala bwino, bwerani ku injini, ndipo apa ndikupemphani chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musabwereke batire n'kuyesa kuiliza. Anyamata a m'mudzi adzakulimbikitsani kuti tingoikankha kamodzi timve. Akanizeni. Zaka 9 oyilo yense anatsikira pansi, mkati ndi mouma, mwina mapisitoni anagwirana ndi dzimbiri. Sitata ikakoka mwamphamvu mungathyole maling'i kapena kukala masilinda m'kamphindi. Chotsani mapulagi onse anayi, muthire oyilo wopepuka pang'ono m'bowo lililonse, musiye masiku angapo. Mukabwerera, ikani sipanala pa nati ya pule yakutsogolo, muzunguze ndi dzanja modekha. Ikazungulira kawiri konse popanda kugwira, sangalalani, theka la nkhondo latha. Ikakana, thiraninso, dikiraninso, musaumirize.

Pali china chokhudza injini ya Peugeot chimene amakanika achinyamata ambiri sanachione. Masilinda ake ndi masilivu ochotseka, okhala m'madzi oziziritsa, ndipo pansi pake pali zotsekera kuti madzi asalowe mu oyilo. Ubwino wake ngwakuti injini ikatha simufunika kukaboola buloko, mumangosintha masilivu ndi mapisitoni. Koma mukachotsa hedi n'kuzunguza injini musanawapanikize masilivuwo, amanyamuka, zotsekerazo zimasokonekera, ndipo mukamanga mudzapeza oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka. Makanika amene mudzamupatse ntchitoyi mufunseni kaye za zimenezi. Akakuyang'anani modabwa, funani wina, makamaka wa imvi. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, siikondana ndi kuwira ndiponso madzi a pa mjigo amaidya, ndiye ledieta ikatsukidwe bwino ndipo muzithira madzi osakaniza ndi mankhwala ake.

Za mafuta ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Ikaima nthawi yaitali, ethanol amakoka chinyezi, madzi amakhazikika pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo petulo wotsalayo amauma n'kusanduka ngati ulimbo m'timabowo ta kabureta. Mapaipi a labala akale nawo amauma n'kung'ambika. Ndiye thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa, kabureta imasulidwe yonse, mapaipi onse a petulo asinthidwe ngakhale akuoneka abwino, muikenso sefa yatsopano panjira. Paipi yong'ambika yodonthezera petulo pa ekizozi yotentha ndi imene imapsereza magalimoto akale ambiri. Muonenso mawaya, poti makoswe a kumudzi sasiya galimoto yoima, ndipo m'chosefera mpweya mungapezemo chisa chawo kapena nyumba ya mavu.

Mabuleki musakambirane nawo. Malabala onse a mu masita silinda ndi a kumawilo, mapaipi ofewa, mafuta ake, zonse zikhale zatsopano galimoto isanatuluke pa msewu. Matayala nawonso, ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014. Tayala la zaka zoposa 10 likhoza kuphulika lisanathe. Ndipo mukadzayamba kuyendetsa, kumbukirani kuti kumbuyo kuli mabuleki a madiramu amene amafooka akatentha. Potsika phiri ngati la Chiweta kapena la ku Chikwawa, giya imene mukanakwerera ndi imene mutsikire, injini izigwira galimoto, phazi lizingothandizira.

Utoto ukhale womalizira. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuyamba ndi chimene anthu aone. Bambo wina anandibweretsera Land Rover Series III itapakidwa kale bwino kwambiri, mipando itasokedwa, ndalama zonse zitathera pamenepo. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, ndiye kunja inkaoneka ngati yatsopano. Titaikweza tinapeza chasisi chakumbuyo chitatsala ngati chisa cha njuchi. Anagwetsa misozi pagalaja, ndipo ine zinandipweteka chifukwa akanabwera miyezi itatu m'mbuyomo ndalama yomweyo ikanakwana kuipulumutsa. Kunena zoona, ine utoto wakale wofwifwa umene dzanja la bambo anu linaupukuta pa chitseko sindikanafulumira kuufafaniza.

Masipeya agawika pawiri. Mapulagi, mapointi, kondensa, masefa, mabering'i ndi masilo zimapezeka, zina poyeza kukula kwake n'kufananiza ndi za magalimoto ena. Zovuta ndi magalasi, nyali zakutsogolo zija zopendekera ngati maso, zogwirira zitseko ndi tizitsulo ta pa dashibodi. Yendani ku Biwi ndi ku Ndirande mutanyamula chakalecho m'manja, mufunse akuluakulu amene akhalitsa pamenepo. Zina zimachokera ku Kenya, ku Nigeria kapena ku France kudzera pa intaneti, koma mtengo wotumizira ndi msonkho zimaluma. Mukamva kuti kwinakwake kuli 504 ina yakufa, pitani mukaione, chifukwa chiphapha chimodzi chogula chathunthu chimadyetsa inzake zaka zambiri. Ndiponso mukangoyamba kufunsafunsa mudzadabwa mmene eni magalimoto otere amapezerana. Wina adzakuimitsani pa msika n'kukuuzani kuti kunyumba kwake kuli giyabokisi imene yakhala ikudikira munthu.

Koma langizo langa lenileni ndi lakuti muyambe ndi njinga ija ya m'khitchini. Honda CG125 inatuluka mu 1975, akatswiri a kampaniyo atayendera maiko osauka n'kuona kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wambiri, oyilo sasintha pa nthawi yake, ndipo kwa makanika amapita ikafa kale. Anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza, yokhala ndi chosefera mpweya chochapa n'kubwezerapo. Injini zambiri za njinga za kabaza zimene zadzaza m'misewu yathu lero zinatengera kapangidwe kameneko, motero masipeya ambiri amagwirizana ndipo amapezeka ngakhale pa msika wa kumudzi. Silinda ndi imodzi, pulagi imodzi, kabureta yake imakwana m'dzanja. Mungaikweze pa galimoto, kuibweretsa ku Lilongwe, n'kumaimasula pakhonde madzulo mukaweruka. Zonse ndanena za thanki, petulo wouma, moto ndi matayala mudzaziphunzira pamenepo ndi ndalama yochepa, ndipo mukalakwitsa simulira kwambiri. Mudzadziyezanso nokha. Ena amakonda kuganiza za galimoto yakale, ena amakonda girisi m'zikhadabo, ndipo munthu sadziwa kuti ali mbali iti mpaka nati yadzimbiri itamukanira masiku awiri. Njingayo ikadzalira pa kiki yachitatu, akazi anu ali pomwepo akuona, nkhani ya Peugeot idzakambika mosavuta. Chipewa cholimba cha kumutu mugule musanagule china chilichonse.

Pakadali pano Peugeot isakhale pa dothi kapena pansi pa mtengo. Mumange kachisakasa ka malata pamwamba pake, m'mbali mukhale mopita mphepo. Musaikute ndi pulasitiki, imasunga chinyezi n'kuoletsa msanga. Ikadzadzuka muziiyendetsa kamodzi pa masabata awiri alionse, mtunda woti injini itenthe bwinobwino, makilomita 30 kapena kuposa. Kungoiliza pakhomo mphindi zisanu kumadzaza madzi mu ekizozi ndi mu oyilo. Magalimoto akale ambiri amene ndawaona akufa anafa ndi kuima, mwini wake akuti akuwasunga.

Nyundo ija ikakuuzani kuti chasisi chatha, musaitane ogula zitsulo pa sikelo. Iwo adzaphwanya ndi nkhwangwa hedi, giyabokisi ndi magalasi zimene munthu wina wakhala akuzisaka zaka zitatu. Funani mwini 504 ina, mumugulitse yathunthu, mumuuze kuti inali ya ndani ndipo inkayenda njira iti. Musanamupatse, masulani kamkango kaja ka kutsogolo, chizindikiro cha Peugeot, ndi chiwongolero chimene bambo anu anachigwira zaka zonsezo, mupite nazo kwanu.